MUYESO WA MBALA

Mkazi wogulitsa ufa pamsika adziwa kuwerenga, angakhale sanalowe m'sukulu. Akumbukira mtengo umene anagulira cimanga, aonjezapo za kucigayo ndi za ulendo, ndipo akaona kuti phindu palibe, aleka malondawo nayamba ena. Palibe munthu azizwa nazo zimenezi. Koma alipo anthu ena ophunzira za cuma amene anena kuti mbala nayonso iwerenga comweco. Ati isanathyole khola, iyamba yaika phindu la kuba m'mbale imodzi ya muyeso, ndi tsoka la kugwidwa m'mbale inzace, ndipo itsata mbale imene yalemera. Anena cimodzimodzi za wocita njuga, za woledzera, ndi za mnyamata wothamangitsa njinga yamoto pamseu wa anthu ambiri.

Mau amenewa abvuta mtima powamva koyamba, pakuti ife tinazolowera kunena kuti kuba kucokera mumtima woipa, ndipo sitifuna kuti coipa ciwerengedwe pamodzi ndi malonda a ufa. Koma tisawakane tisanawayese. Funso limene liri m'kati mwao ndi ili: Kodi munthu aleka coipa cifukwa mtengo wace wamkulira, kapena cifukwa ciri coipa? Mfumu yoweruza mlandu wa mbuzi iyankha funso ili, ingakhale siizindikira kuti irikuyankha. Momwemonso kholo lolanga mwana, ndi khamu la anthu limene lagwira wakuba pamsika liri ndi miyala m'manja. Akayankha molakwa, mwazi ukhetsedwa cabe ndipo kuba sikutha. Cifukwa cace tiyeni, owerenga okondedwa, tilingalire bwino.

Zimene anena ophunzira za cuma

Wodziwika koposa mwa iwo ndiye Gary Becker wa ku America, amene analemba maganizo awa m'caka ca 1968, nalandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1992. Iye mwini anafotokoza ciyambi cace. Tsiku lina anali kupita pa galimoto kukayesa wophunzira pa sukulu yaikuru ya Columbia, mumzinda wa New York, ndipo nthawi inamthera. Anayenera kusankha msanga: kuika galimoto pa malo olipira, kapena kuisiya pamseu poletsedwa. Anawerenga mumtima zinthu zitatu, ndizo ndalama za pa malo olipira, dipo la munthu wogwidwa, ndi kuti kugwidwako kucitika kangati. Anaisiya pamseu, ndipo sanagwidwe. Pamenepo anaganiza kuti olakwira malamulo ambiri awerenga monga anawerengera iye, ndi kuti Boma nalonso liwerenga poika dipo ndi potuma apolisi.

Tiyese ciphunzitso ici ndi mbuzi. Tinene kuti pamudzi pali lamulo lakuti wakuba mbuzi abweze mbuziyo ndi kuonjezapo ziwiri. Munthu wina aba kakhumi, mbuzi imodzi imodzi, nagwidwa kamodzi kokha. Abweza imodziyo, alipira ziwiri, ndipo mwa 9 zimene anapulumuka nazo atsala nazo 7. Kwa iye kuba ndi malonda okoma koposa ulimi. Koma pamudzi wina lamulo ndi lomwelo, kungoti anthu ali maso ndipo sabisirana; wakuba kakhumi agwidwa kasanu ndi kanai. Apulumuka ndi mbuzi imodzi, nalipira 18. Kumeneko khola lace lomwe litha. Lamulo ndi limodzi, koma pamudzi woyambawo liri ngati garu wopanda mano.

Kodi zicitikadi comweco pakati pa anthu? Dziko la Denmark, ku Ulaya, linaona yankho lace pa nkhondo yaikuru yaciwiri. M'mwezi wa September 1944 Ajeremani, amene anali atalanda dzikolo, anagwira apolisi monga 2,000 nawatengera kundende za kwao, ndipo otsala ambiri anabisala. Dziko linakhala lopanda apolisi kufikira May 1945. Mumzinda waukuru wa Copenhagen ucifwamba unacuruka monga kakhumi, cinkana oweruza anakulitsa cilango ca ocepa amene anagwidwa. Koma taonani ici: milandu yonga ya kalaliki wakudya ndalama za mbuye wace, imene mwini mlandu adziwika ngakhale popanda wapolisi, sinacuruke kwenikweni. Anthu anali omwewo. Cimene cinasintha ndi cakuti mbale ya kugwidwa inapepuka.

Mbale ya phindu nayo ilemera ndi kupepuka monga mwa nyengo. M'caka ca 1867 Georg von Mayr wa ku Bavaria, m'dziko la Germany, anaonetsa kuti pa zaka za 1835 kufikira 1861 milandu ya kuba inali kukwera pamene mtengo wa dzinthu unakwera, ndi kutsika pamene unatsika. Ife sitisowa kupita kutali kukaona zimenezi. Pa njala ya 2002 m'Malawi, mtengo wa cimanga utakwera kangapo, kuba cimanga caciwisi m'minda kunacuruka m'midzi yambiri. Kwa munthu amene ana ace agona ndi njala, mondokwa wa m'munda wa mnansi ulemera pa muyeso koposa kale.

Tsono tibvomereze kuti muyeso ulipo ndithu, ndipo wokana ici akana zooneka ndi maso.

Cilango coopsa, kapena cilango cosalephera?

Kapena wina adzati: Ngati kuli tero, mankhwala ace ngapafupi, tikulitse cilango kufikira mbale ya mantha ilemere koposa. Angelezi anayesa njira imeneyi zaka zambiri, ndipo nkhani yao iyenera kudziwika.

Pofika caka ca 1800 malamulo a England anali ndi milandu monga 200 imene cilango cace cinali kunyongedwa. Wakuba m'sitolo katundu wa mashilingi 5 anayenera kufa. Wakuba m'nyumba za mashilingi 40 anayenera kufa. Ndipo kuyambira 1741 wakuba nkhosa nayenso. Kodi kuba kunatha? Iai. Mwini katundu, podziwa kuti mau ace adzaphetsa mnyamata cifukwa ca nsaru, kawiri kawiri anangokhala cete osakasuma. Mboni zinali kuzengereza. Ndipo anthu 12 osankhidwa kumva mlandu anali kulumbira monama kuti katundu wa mapaundi angapo anali wa mashilingi 39 okha, kuti wolakwa apulumuke imfa. Mwa iwo amene anaweruzidwa kufa, ambiri anakhululukidwa kapena kutumizidwa ku Australia. Comweco mbala inadziwa kuti cingwe ciripo, koma inadziwanso kuti cigwira owerengeka.

Potsiriza eni cuma omwe anadandaula. M'caka ca 1811 eni nchito yoyeretsa nsaru, amene nsaru zao zinali kubedwa poyanika, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti icotse cilango ca imfa pa mlandu umenewu. Dandaulo lao linali lakuti kukula kwa cilango ndiko kunali kumasulitsa akuba. Pempho lao linamveka caka comweco. Sir Robert Peel anakhazika apolisi a London m'caka ca 1829, ndipo m'caka ca 1832 kuba nkhosa kunaleka kukhala mlandu wa imfa.

Nzeru imeneyi inali italembedwa kale. M'caka ca 1764 Cesare Beccaria wa ku Milan, m'dziko la Italy, asanafike zaka 30, analemba kabuku kophunzitsa kuti coletsa wolakwa ndico kudziwa kuti cilango cidzafika ndithu, ndi kuti cidzafika msanga, cingakhale cacing'ono. Anaonanso kuti cilango ciyenera kulingana ndi mlandu. Pakuti pamene wakuba nkhuku ndi wakupha munthu alandira cimodzimodzi, wakuba nkhuku alibenso comletsa kupha mwini nyumba amene wamuona. Ofufuza ambiri a m'zaka zathu zino, atawerenga milandu ya m'maiko osiyanasiyana, abvomerezana naye kuti kusalephera kwa kugwidwa kuletsa koposa kutalika kwa ndende.

Makolo athu anadziwa mbali ya nzeru iyi. Anati, Mlandu suola; ndiko kunena kuti ungacedwe, udzakupeza. Pabwalo la mfumu wolakwa sanali kulipira yekha. Atsibweni ace ndi abale ace anali kusonkha mbuzi kapena nkhuku, ndipo cifukwa ca ici mbumba yonse inali maso pa mnyamata wao. Ena anali kuika mankhwala m'munda, dzina lace cambu. Mankhwalawo mwa iwo okha analibe mphamvu. Mphamvu inali mumtima wa wakuba, amene anakhulupirira kuti sangathe kuthawa ngakhale kuli mdima.

Tsono tinene ciani za khamu lomenya ndi kutentha wakuba? Pa njala ija ya 2002 ena ogwidwa m'minda anadulidwa ziwalo, ena anaphedwa, ndipo mcitidwe wotere sunathe m'misika ndi m'midzi. Kumeneku ndiko kubwereza kulakwa kwa Angelezi, ndi kuonjezapo mlandu wa mwazi. Khamu ligwira mmodzi mwa ambiri, nthawi zina wosalakwa. Ndipo mai wodziwa kuti mwana wace akaululidwa adzatenthedwa, adzambisa kufikira imfa. Potero nkhanza icepetsa kugwidwa, ndi kupepuza mbale yomwe ija tinafuna kuilemeza.

Muyeso wopotoka

Koma tisayese mbala kalaliki waluso. Iwerenga, inde, koma muyeso wace ngopotoka, ndipo kupotoka kumeneku tiri nako ife tonse: za lero zilemera, za mawa zipepuka. Mwambi uja wakuti, Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ukoma pa malonda, koma waphetsa anyamata ambiri.

Kuli konse kumene milandu iwerengedwa, olakwa ambiri ndiwo amuna acinyamata. Adolphe Quetelet wa ku Belgium anaciona ici kale m'caka ca 1831. Ku Florida, m'dziko la America, mnyamata akakwanitsa zaka 18 mlandu wace ucoka ku bwalo la ana nupita ku bwalo la akuru, kumene cilango cikula kwambiri. David Lee ndi Justin McCrary anawerenga milandu ya anyamata sabata ndi sabata, asanafike tsikulo ndi atalipitirira. Anyamatawo akadakhala owerenga bwino, milandu ikadagwa pa tsiku lomwelo. Koma inatsika pang'ono pokha. Kwa mnyamata wa mwazi wotentha, zaka 2 za ndende ndi zaka 10 zimveka cimodzimodzi, pakuti zonse ziri kutsidya kwa mawa.

Ndiponso phindu limene aliyembekeza kawiri kawiri nlonama. Steven Levitt ndi Sudhir Venkatesh anapeza mabuku a ndalama, a zaka 4, a gulu lina logulitsa mankhwala ozunguza mutu mumzinda wa Chicago, nalengeza zimene anaonamo m'caka ca 2000. Mkuru wa gulu anali kulemera ndithu. Koma anyamata oima pamseu anali kulandira zosaposa malipiro a wanchito wotsika, ndipo mwa okhala m'gulu zaka zonse 4, imfa inali kuyembekeza monga mmodzi mwa anai. Cinawasungamo nciani? Ali yense anali kuyang'ana mkuru uja, nati mumtima, Mawa ndine.

Njuga iyenda pa cinyengo comweci. Mwini njuga aika malamulo ace kuti mwa ndalama zonse zimene anthu aponya, zobwerera kwa iwo zicepe. Zotsalazo ndizo nyumba yace ndi galimoto lace. Wopambana mmodzi amuimbira ng'oma, otaya zikwi apita kwao cete. Ndi fodya wosuta momwemo. Kukoma kwace nkwa lero, ndipo khansa ya m'mapapo, imene Richard Doll ndi Bradford Hill anaonetsa m'caka ca 1950 kuti iyendera limodzi ndi kusuta, idikira zaka 20 kapena 30.

Munthu wa muyeso wotere simungamuopse ndi za kutali. Comgwira ndico kukhala ndi kanthu kakuti angakataye lero lomwe: munda wace, nchito yace, dzina lace, namwali amene afuna kumkwatira. Wopanda kanthu saopa kutaya kanthu. Koma kodi ndalama zokha zikwanira kumpatsa kanthu kotere? Ici cinayesedwa mu Africa muno, ku Monrovia, mzinda waukuru wa Liberia. Christopher Blattman ndi anzace anatenga amuna 999, ambiri a iwo ozolowera kuba, ndeu ndi kugulitsa mankhwala. Ena anapatsidwa madola 200. Ena anaphunzitsidwa masabata 8 kuugwira mtima, kuganizira za mawa ndi kudziona ngati anthu aulemu. Ena analandira zonse ziwiri, ndi ena sanalandire kanthu. Zimene analengeza m'caka ca 2017 ndi izi: olandira ndalama zokha anasintha kanthawi kocepa nabwerera, koma olandira ciphunzitso pamodzi ndi ndalama anacepetsa kwambiri kuba ndi ciwawa. Ndipo pamene anawafunanso zitapita zaka 10, kusiyanako kunali kuonekabe. Ndalama zinawapatsa mpata, koma cowaimika cinali kusandulika kwa maganizo ao pa iwo eni.

Pamene dipo lisanduka mtengo

Apa tafika pamene ciphunzitso ca muyeso ciyamba kutsimphina. M'caka ca 1998, mumzinda wa Haifa ku Israel, Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini anayang'anira nyumba 10 zosungira ana ang'ono usana, pa masabata 20. Makolo anayenera kutenga ana ao pa 4 koloko madzulo, koma ena anali kucedwa, ndipo mphunzitsi anali kutsala kuwadikira. Atapita masabata 4, m'nyumba 6 anaika dipo la mashekeli 10 pa mwana ali yense, kwa kholo locedwa mphindi 10 kapena kuposa. Monga mwa ciphunzitso cija, ocedwa anayenera kucepa. Koma anacuruka, kufikira monga kawiri. Ndipo pamene dipo linacotsedwa, litakhala masabata 12, sanabwerere ku macitidwe ao akale.

Cifukwa cace nciani? Kale kholo locedwa linali kufika ndi manyazi, podziwa kuti lasautsa munthu amene nayenso ali ndi kwao. Dipo litafika manyazi anacoka. Kucedwa kunasanduka katundu wa m'sitolo, wakuti ali yense wofuna agule. Ndipo manyazi akacoka sabwera ndi kuitana.

Ici ndi coopsa, ndipo tiri naco m'midzi yathu. Taganizani za mwini ng'ombe zambiri amene ziweto zace zidya m'munda wa mkazi wamasiye. Caka coyamba alipira thumba la cimanga. Caka caciwiri salabadiranso kuika mbusa, pakuti waona kuti thumba licepa mtengo koposa mbusa. Pabwalo anena monyada kuti, Ndalipira. Malamulo sanalakwire, ndipo monga mwa muyeso wawerenga bwino. Koma mtima wa munthu ali yense udziwa kuti wagula munda umene sunali wa malonda. Mkaziyo sanamgulitse dzinthu zace, kapena tulo tace.

Maiko ena ayesa kukonza mbali ya bvuto ili. Ku Finland, kuyambira 1921, dipo la milandu yambiri liwerengedwa monga mwa zimene munthu alandira pa tsiku, kuti limpweteke wolemera monga limpweteka wosauka. M'caka ca 2002 kunamveka kuti mkuru wina wa kampani ya Nokia analamulidwa kulipira mayuro 116,000 cifukwa ca kuthamangitsa njinga yamoto mumzinda wa Helsinki, cinkana bwalo linacepetsa ndalamazo pambuyo pace. Lamulo limeneli nlabwino, ndipo mafumu athu angaphunzirepo. Koma lingakhale dipo lolingana bwino, likhalabe mtengo kwa munthu amene aliyesa mtengo. Kusiyana kwa mtengo ndi cilango nkwakuti mtengo ukuuza kuti, Tenga ukalipira. Cilango cikuuza kuti, Sunayenera kutenga, ndipo kulipira kwako sikusandutsa coipa kukhala cabwino. Cifukwa cace makolo sanali kutsiriza mlandu ndi mbuzi yokha. Wolakwa anayenera kubvomera pamaso pa anthu ndi kupepesa, ndipo pamenepo mlandu unatha.

Zosakwera pa muyeso wa mbala

Mbala poyesa iika za iyo yokha; zimene mudzi utaya siziri m'mbale zace. Wina angati mbuzi yobedwa siinatayike, yangocoka m'khola lina kulowa m'khola lina. Koma Gordon Tullock, wophunzira za cuma wa ku America, anaonetsa m'caka ca 1967 kuti citayiko ceniceni ciri pena: pa maloko, pa mipanda, pa alonda, ndi pa mphamvu za mbala yomwe zimene zikadalima. Ife tidziwa ici ndi thupi lathu. Pamudzi pamene pali kuba, mwamuna agona kumunda ndi kudzuka wolefuka. Mkazi alowetsa mbuzi m'nyumba yogona ana. Wina aleka konse kuweta nkhuku. Pa njala ya 2002 alimi ambiri anakolola cimanga cisanakhwime poopa akuba, ndipo potero zokolola zinacepanso. Wakuba mmodzi asaukitsa nyumba makumi zimene sanalowemo. Kukhulupirirana ndiko nkhokwe ya mudzi wonse, ndipo mbala iri yonse itapamo.

Nanga nkhokwe imeneyi idzazidwa ndi yani? Apolisi sangakwanire, pakuti palibe Boma lingathe kuika mlonda pa khola liri lonse. Idzazidwa ndi anthu ambirimbiri amene apeza mpata wa kuba tsiku ndi tsiku, osaba. M'caka ca 2019 Alain Cohn ndi anzace analengeza zimene anapeza atayesa anthu m'mizinda 355 ya m'maiko 40, mwa iwo Ghana, Kenya ndi South Africa. Anatenga tizikwama toposa 17,000, m'mene munali kiyi, dzina la mwini ndi njira yomlembera. Tina topanda ndalama, tina ndi ndalama zofika madola 13. Munthu anali kulowa m'banki, m'hotela kapena m'positi, napereka kacikwama kwa wanchito, nanena kuti wakatola panja, nacoka msanga. Monga mwa muyeso, kucuruka kwa ndalama kukadacepetsa obweza. Koma mwa tizikwama 100 topanda ndalama, eni ace anauzidwa za 40. Mwa 100 tokhala ndi ndalama, anauzidwa za 51. M'maiko 38 mwa 40 aja ndalama zinacurukitsa obweza. Ndipo m'maiko atatu m'mene anayesanso ndi madola 94, ciwerengero cinafika 72. Ophunzira za cuma ambiri, atafunsidwa kuti alosere zotsatira, analosera molakwa.

Ofufuzawo anapeza zifukwa ziwiri. Anthu anaganizira mwini wotaya. Ndiponso pamene ndalama zinacuruka, kusunga kacikwama kunamveka koposa ngati kuba, ndipo sanafune kudziona okha ngati mbala. Panalibe mboni yina koma cikumbu mtima.

Wophunzira za cuma adzayankha kuti cikumbu mtima ndi mwala wina pa muyeso womwewo, ndipo munthu woona mtima angowerenga manyazi ace monga mnzace awerenga ndende. Mau awa ali ndi coona pang'ono, koma safika pa tsinde. Mwala wa pa muyeso ugonja pamene mbale inzace yalemera. Koma m'nkhani ya tizikwama, kulemera kwa phindu ndiko kunalimbitsa kukana. Ndipo tadzifunsani nokha. Pamene mupita pa munda wa mnansi dzuwa litalowa, kodi muima ndi kuwerenga mtengo wa maungu ndi kutalika kwa ndende? Ambiri a inu simuturutsa konse muyeso, pakuti za mwini simuziyesa za malonda. Munthu amene usiku uli wonse awerenga ngati kuba mbuzi ya mnansi kuli ndi phindu, napeza kuti lero palibe, ameneyo ndi mbala yodikira mdima.

Koma tisaiwale kuti pafupifupi theka la tizikwama tija sitinabwezedwe. Alipo anthu, ndipo ziripo nyengo za njala ndi za usiwa, pamene cikumbu mtima cifoka ndipo muyeso uturuka. Cifukwa cace funso lathu lija liri ndi mayankho awiri, ndipo onse ngoona. Ena aleka coipa cifukwa mtengo wace wawakulira. Awa afunika cilango cosalephera. Ambiri aleka cifukwa ciri coipa. Awa ndiwo asunga mudzi, ndipo tiyenera kusamala kuti malamulo athu asawasandutse owerenga.

Tsono inu mafumu ndi akuru a pabwalo, mlandu uweruzidwe msanga, ungakhale wa mwana wa mlongo wanu. Dipo lilingane ndi mlandu ndi cuma ca wolakwa, ndipo lisapite lopanda kubvomera ndi kupepesa. Inu amene mwagwira wakuba, mperekeni kwa oweruza ali wamoyo, kuti mawa abale a wakuba wina asaope kumuulula. Inu eni minda ndi eni nchito, kumbukirani kuti mnyamata amene mwampatsa khasu ndi malo, kapena luso la manja, mwampatsa kanthu koopa kutaya, ndipo ici cicepa mtengo koposa mlonda. Ndi inu makolo, mwana akabwera ndi dzira la kwa mnansi, musamuuze kuti, Akakuona adzakumenya. Pakuti potero mwamphunzitsa kuyang'ana kumanzere ndi kumanja asanatenge. Mgwireni dzanja, mupite naye kukabweza dziralo, ndipo amve ndi makutu ace kuti mwini nkhuku anali kuliyembekeza. M'mera mpoyamba.